Kugula Benz n'kosavuta, nanga kuidyetsa?

Pa Ciwelu capitaci ndinapita ku Chilenje kukaona mlongo wanga. Ndisanafike pa citseko ndinayamba ndapeleka moni kwa Benz ya alamu anga, pakuti ndiyo imakhala pafupi ndi geti. Ikali pomwe ndinaisiya mu Epulo, pansi pa mtengo wa mango, kutsogolo itagwada ngati ng'ombe yofuna kugona. Masamba adzala pa galasi, nkhuku za aneba zinapeza mthunzi pansi pake, ndipo mwana wina wamwano analemba ndi cala pa fumbi la kumbuyo kuti "nisambikeni". Cimene cikali kung'anima ndi kanyenyezi ka pa boneti cabe, cifukwa alamu amakapukuta m'mawa uliwonse asanapite kukaima pa siteshoni ya basi.

Ndinawapempha kuti ndilembe nkhani imeneyi. Anaseka, ati, "Lembani ba mulamu, koma dzina langa musaike. Ku nchito bakali kuganiza ati ili ku service." Ndiye dzina sindiika. Koma ndidziwa kuti ambili a inu amene muwelenga danga lino muli ndi mlamu wotele, kapena neba, kapena ndinu amene. Yendani cabe mu Kabwata, mu Chelstone, mu Chalala, olo mu Matero, musuzumile kuseli kwa mipanda, muwelenge ma Benz, ma BMW ndi ma Audi amene akhala pa miyala. Mudzatopa musanamalize mseu wacitatu.

Ndinene poyela kuti mamotoka a ku Germany ndimawakonda. Sabata imene E-Class ya alamu inafika, tinapita nayo ku Siavonga, ndipo anandipatsako siteling'i titadutsa toll gate ya pa Shimabala. Mwandi, motoka ija ndi yabwino. Ukatseka citseko phokoso lonse la mseu limatsala kunja. Pa mapili a njila ya ku Chirundu, pamene ka Corolla kanga kamalila ngati kapempha cikhululukilo, iyo inali kukwela monga palibe phili. Ukaponda mabuleki imaima pomwe waiuza. Anthu amene anaipanga adziwa nchito yao, ndipo anayamba kale: Karl Benz analembetsa motoka yake yoyamba mu 1886. Lelo Mercedes-Benz ili ku Stuttgart, BMW ku Munich, Audi ku Ingolstadt, m'dziko limene miseu ina ikuluikulu ilibe malile a liwilo. Motoka yopangidwila miseu yotelo iyenela kukhala yolimba pothamanga. Pa izi sinditsutsana ndi munthu.

Cimene nditsutsa ndi mau amene alamu anandiuza tsiku lija tili m'mbali mwa nyanja ya Kariba: "Iyi siikufa, ni ya ku Germany." Mau amenewa tinawalandila kwa makolo athu, ndipo pa nthawi yao anali oona. Ma Benz a m'ma 1970 ndi 1980, makamaka aja amene amakanika amawachula kuti W123, anali a citsulo cokhacokha. Injini yake ya dizilo inali yosavuta kuimvetsa, makanika wokhala ndi masipanala ndi khutu labwino anali kuikonza pansi pa mtengo, ndipo m'maiko ambili a mu Africa inagwila nchito ya taxi zaka zosawelengeka. Ku East Africa anthu olemela anapatsidwa ngakhale dzina la Ciswahili lakuti Wabenzi cifukwa ca motoka imeneyi. Koma Benz ya masiku ano ndi nyama ina. Mkati mwake mwadzala timakompyuta tambili timene timakambitsana. Kamodzi kakakhumudwa, tonse tumakwiya, ndipo motoka imakana kuyenda olo injini ili bwinobwino.

Ndipo "ya ku Germany" yathuyi nthawi zambili sinabwele kucokela ku Germany. Kumeneko amayenda kudzanja lamanja la mseu, siteling'i ili kumanzele, pamene ife tiyenda kumanzele. Conco zathu zimacokela ku Japan, ku UK kapena ku South Africa. Zina zinapangidwila ku South Africa komweko: C-Class imapangidwa ku East London, fakitale imene anchito ake anapangila Nelson Mandela Benz yofiila mu 1990, ndipo BMW ili ndi fakitale ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria. Palibe colakwika pamenepo. Ndingofuna kuti tidziwe kuti cimene tigula ndi motoka imene munthu wina ku Yokohama kapena ku Birmingham anaiyendetsa zaka khumi, n'kuona kuti yamukwana.

Tsegulani pa foni yanu masamba aja ogulitsa mamotoka a ku Japan, muyelekeze mitengo. Mudzadabwa kupeza kuti Benz kapena BMW ya zaka khumi nthawi zina igulitsidwa mofanana ndi Toyota ya caka cimodzimodzi, olo kuchipilapo. Motoka imene inali yodula kawili kapena katatu ili yatsopano, yatsika bwanji conco? Ku Japan kuli lamulo loyeza mamotoka lochedwa shaken: motoka yatsopano imayezedwa ikakwanitsa zaka zitatu, pambuyo pake zaka ziwili zilizonse, ndipo motoka ikamakalamba kuipititsa pa mayeso amenewo kumadya ndalama. Mwini wake amawelengela, n'kuona kuti zaka zimene zikubwela ndi za magalaji. Iye anadya mnofu, mafupa ndiwo amakwela sitima kubwela kwa ife. Amalonda a kumeneko si opusa. Mtengo wotsika uja ndi cenjezo, koma ife timauwelenga monga mwai.

Mtengo wa pa foni ndi ciyambi cabe. Pali sitima mpaka ku Dar es Salaam, Durban kapena Walvis Bay. Pali ejenti wa pa doko ndi wa pa boda, kaya ndi pa Nakonde, Chirundu, Kazungula kapena Katima Mulilo. Pali msonkho wa ZRA, umene pa mamotoka akale umayendela zaka za motoka ndi kukula kwa injini, ndipo mamotoka amene tikambawa ambili ali ndi injini zikuluzikulu. Pali dalaiva woibweletsa ndi mafuta ake, kulembetsa ku RTSA, road tax, fitness, inshuwalansi. Ikacokela ku South Africa, musaiwale mapepala a Interpol otsimikiza kuti si yakuba, cifukwa mukaiwala tsiku lina mudzatsala ndi makiyi m'manja. Ikacokela ku UK, gwadani muone pansi pake: kumeneko amathila mcele m'miseu nthawi ya cisanu, ndipo dzimbili limayambila komwe maso safika.

Alamu anga zonsezi anaziwelengela, ndiwayamikile. Cimene cinawagwetsa ndi nkhongole. Ndalama zao zinali zosakwana, ndiye anabweleka zotsalazo, zodulidwa pa malipilo mwezi ndi mwezi. Tiyeni ticiteko masamu a pa bolodi, ongoyelekeza. Munthu wabweleka K300,000, ciwongoladzanja 25 pa 100 iliyonse pa caka, kubweza m'zaka zinai. Mwezi uliwonse acotsa pafupifupi K10,000. Pomaliza adzakhala atabweza ndalama zoposa K477,000. Pa zaka zinai zimenezo motoka ija ikutsika mtengo tsiku ndi tsiku, ndipo white book ili m'manja mwa amene anakubweleketsani. Adzakuuzaninso kuti mukhale ndi inshuwalansi ya comprehensive, imene mtengo wake umatsatila mtengo wa motoka. Ndipo apa ndiye pamene pamawawa: nkhongole sidziwa kuti motoka ili pa miyala. Kuyambila Epulo Benz ya alamu sinaturuke pa geti, koma pa payslip yao ikali kuyenda pa liwilo lake lomwe lija. Amene anabweleka kwa a kaloba, osanena, ao tingowapemphelela.

Masiku ano kwabwela mau ena okoma m'khutu, leasing. Anyamata a masuti amakuuzani kuti, "Bosi, osagula, citani cabe lease, muzayenda na motoka yanyowani." Tiyeni timasulile. Pali mitundu iwili. Mtundu woyamba ndi lendi yeniyeni, monga ya nyumba: motoka ndi ya kampani, inu mulipila mwezi ndi mwezi kwa zaka zimene mwagwilizana, nthawi zina service ndi matayala zili momwemo, ndipo nthawi ikatha mubweza makiyi. Mtundu waciwili ndi nkhongole imene yavala jekete: mulipila mwezi ndi mwezi, motoka ikhala m'dzina la amene anapeleka ndalama, ndipo idzakhala yanu mukamaliza. Nthawi zambili, kuti malipilo a pa mwezi aoneke ocepa, amasiya cimtolo cacikulu ca ndalama kumapeto, cimene amati balloon. Zaka zinai umayenda wokondwa, caka cacisanu akuuza kuti bweletsa ndalama zonsezo nthawi imodzi, apo ayi bweza motoka kapena tenga nkhongole ina yolipilila nkhongole yoyamba.

Kwa kampani yaikulu, ya migodi kapena ya malonda, leasing ili ndi nzelu. Safuna kutsekela ndalama zao m'mamotoka, ali ndi akauntanti wodziwa mmene zilowela m'mabuku a msonkho, ndipo motoka ikafa amangoimba foni n'kubweletseledwa ina. Kwa munthu wa malipilo a pa mwezi nkhani ndi ina. Lendi ija imabwela ndi malile a makilomita pa caka, ukapitilila ulipila pa kilomita iliyonse. Manje ganizani munthu wa kum'mawa ngati ine. Kucoka mu Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 550, kupita cabe. Malilo awili, cikwati cimodzi, Kulamba ku Katete kapena Nc'wala ku Mtenguleni, malile aja watha caka cisanafike pakati. Pobweza motoka adzayang'ana paliponse pamene wilibala ya ku Soweto inakanda, n'kukulembela. Ndipo ngati pepala limene mupatsidwa kusaina likamba za madola pamene inu mulandila makwacha, bwezani bolopeni m'thumba mupite kunyumba.

Pali lendi imodzi imene ine ndiikonda, ya tsiku limodzi. Akwati amabweleka Benz yoyela, amaimanga maliboni, amazungulila nayo pa Arcades ndi pa Manda Hill ma hutala ali pakamwa, amajambulitsa zithunzi, madzulo amaibweza. Aliyense adziwa kuti si yao, palibe amene wanamizidwa, ndipo pa Mande mkwati akwela basi mtima uli m'malo. Pa njila zonse zokhalila mu Benz mu Lusaka muno, iyi ndiyo ndinaona kuti sinaphetse munthu ndi BP.

Tibwelele ku Chilenje. Caka coyamba cinali ca ulemelelo. Mavuto anayamba ndi mvula. Tonse tidziwa mmene tauni yathu imakhalila mu Januwale ndi Febuluwale: madzi pa Kulima Tower, madzi ku Kamwala, ku Kanyama osakamba, ndipo pansi pa madziwo pabisala maenje. Matayala a mamotoka awa ndi opyapyala m'mbali, okongola pa cithunzi, koma akagunda dzenje mphamvu yonse imapita ku limu. Alamu anataya matayala awili ndi limu imodzi mwezi umodzi. Anzao a BMW ena alibe ngakhale tayala la sipeya, cifukwa motoka inabwela ndi matayala aja amene amati ungayendebe nao pang'ono ataphulika. Abwino kumene, koma funsani mtengo wake ndi kumene apezeka mukakhala ku Nyimba usiku. Madzi naonso ndi mdani. Motoka yotsika ikalowa m'madzi akuya, injini imatha kumeza madzi m'malo mwa mpweya, ndipo ikatelo zitsulo za mkati zimapindika. Ma minibasi amadutsa, iwe watsala pakati pa dziwe, anyamata akukuuza mtengo wokukankha.

Kenako kunabwela kugwada kuja. Ma Benz ena, pamodzi ndi ma BMW ndi ma Audi akuluakulu, alibe masipuling'i a citsulo. Amakhala pa matumba a mpweya, amene kapampu kamawadzaza. Ndico cifukwa cake umayenda ngati uli pa matilesi. Koma matumbawo ndi a labala, ndipo labala imakalamba, makamaka pa fumbi ndi mahampu athu. Thumba likayamba kutaya mpweya, kapampu kamagwila nchito usana ndi usiku mpaka kupsa. Alamu anasintha thumba limodzi, patapita miyezi iwili linzake linatsatila, kenako pampu. Pamene anali kupuma, giyabokosi inayamba kukana kusintha magiya, ndipo pa dashibodi panayaka nyale zambili ngati mtengo wa Khisimasi.

Apa ndiye munthu umadziwa Lusaka. Makanika wathu wa masiku onse, mdala amene wasunga Corolla yanga zaka zonsezi, anatsegula boneti, anayang'ana, anatsekanso, ati, "Bwana, apa nizakunamizani cabe. Iyi ifuna kompyuta." Wa kompyuta anabwela ndi kabokosi kake, analipilitsa polumikiza cabe, nachula dzina la kacipangizo kamene kali mkati mwa giyabokosi. Wina anabwela nachula cina. Wacitatu anazimitsa nyale zija ndi kompyuta yake, analandila ndalama, nyale zinayakanso motoka isanafike pa Woodlands. Sindinena kuti odziwa kulibe. Alipo, ndipo ena ndi akatswili zedi, koma ndi ocepa, ndipo pa geti pao pali mzele. Kuti uwapeze umayamba wadyetsa osadziwa atatu.

Masipeya ndiwo amamaliza munthu. Ca Corolla, ca Vitz, ca Hiace, umalowa m'tauni n'kucipeza m'mashopu asanu, catsopano, cakale, ca ku China, usankhe wekha malinga ndi thumba. Ca E-Class umatumiza ku Johannesburg kapena ku Dubai, kulipililatu, kudikila basi pa Intercity, ndipo cikafika upeza kuti nambala yasiyana cilembo cimodzi, sicilowa. Zonsezi zigulidwa ndi ndalama zakunja. Mu 2014 dola imodzi inali pafupifupi K6. Mu 2024 inapitilila K25. Cipangizo ca madola 500 cimene cinali K3,000 cinafika pa K12,500 cosasintha kalikonse. Malipilo a ndani anakwela kanai m'zaka zimenezo? Kwacha ikalimbako timapuma, koma munthu sungamange bajeti ya nyumba pa cinthu cimene cimasintha ngati mphepo ya mu Ogasiti.

Palinso tinthu tating'ono timene wogulitsa sakuuza. Kiyi yaciwili: ambili amabwela ndi imodzi cabe, ndipo ikataika sungapite kukadulitsa pa msika, iyenela kuitanitsidwa ndi kulembedwa mu kompyuta ya motoka. Batile: pa ma BMW ambili ukaika yatsopano uyenela kuuza kompyuta kuti wasintha. Oilo: ifuna wa mtundu wake, ndipo ukathila uja wa m'zigubu za m'mbali mwa mseu, injini idzakuyankha pakapita miyezi. Za dizilo zili ndi sefa ya utsi imene imadziyeletsa yokha motoka ikathamanga mtunda wautali. Nanga munthu amene ulendo wake ndi kucoka ku Chelstone kufika ku Cairo Road, ola lathunthu pa Great East Road akuyenda ngati kamba, sefayo idzayela liti? Cabwino n'cakuti dizilo wathu anasintha, paipi ya TAZAMA tsopano imabweletsa dizilo wa sulphur wocepa, amene injini zamakono zimafuna. Koma mtengo wa mafuta a ERB amauona mwezi ndi mwezi, ndipo mwini injini yaikulu amamvetsela cilengezo cimeneco monga wodwala amvetsela dokotala.

Manje funso limene ndakhala ndikulizungulila: n'cifukwa ciani munthu wanzelu, wophunzila, wodziwa masamu kuposa ine, anacita zimenezi? Yankho lake silili kwa alamu okha. Lili kwa ife tonse. Iwo anandiuza okha kuti zaka khumi anali kulowa pa geti ya ofesi ina ndi ka Spacio, alonda n'kumawafunsa kuti mufuna ndani, lembani m'buku, imikani uko kumbuyo. Tsiku loyamba kupita ndi Benz, geti inatseguka asanaimike n'komwe, saluti pamwamba. Ku chalichi anawaika mu komiti ya zomangamanga. Kwa apongozi anayamba kupatsidwa mpando wa khushoni. Munthu ndi yemweyo, nzelu ndi zomwezo, malipilo ndi omwewo kucotsapo nkhongole. Ndife amene timapima munthu ndi cimene waimika panja, ndiye tisadabwe anthu akamagula sikelo imene tiwapimila. Inenso ndilimo. Tsiku la ku Siavonga lija ndinatsitsa galasi pa Kafue kuti anthu andione.

Koma ulemu umenewu uli ndi lisiti yake. Anyamata otsuka mamotoka anakweza mtengo. Amai a tomato m'mbali mwa mseu anayamba kuwachulila mtengo wina. Ku mudzi mbili inafika kuti mwana wathu walemela, ndipo kuyambila pamenepo malilo alionse bokosi ndi lao, mwana aliyense wosowa ndalama za ku koleji foni ndi yao. Ungakane bwanji uli mu Benz? Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele, koma apa nyelele zina zinacokela kunja, zitaona kufiila kwa cipatso.

Ndidziwa zimene ena a inu mudzandilembela. Mudzati ndalama ndi zake, moyo ndi waufupi, musiyeni munthu adyeko thukuta lake. Mudzatinso pali nchito zina zimene motoka ndi mbali ya malonda: loya, wogulitsa nyumba, munthu wofuna ma tender, akafika ndi motoka yogwedela anthu samukhulupilila. Ndivomela, ndipo ici ndico cimandipweteka, cifukwa n'coona. Koma ndalama zija sizinali za alamu okha. Mlongo wanga amagulitsa salaula ndi kusewela cilimba kuti amange, ndipo nyumba yao ku Chongwe inaima pa mawindo zaka ziwili zapitazo. Udzu wamela m'zipinda. Ana anacotsedwa pa sukulu imene anali, kupita ina yochipa. Mlongo wanga sanena zambili pamaso pa amuna ake, koma pondipelekeza anati, "Acimwene, ija motoka inadya malata anga." Pamenepo nkhani yakuti ndalama ndi zake imandithela.

Onaninso amene ali ndi ndalama zenizeni mu Zambia muno mmene acitila. Ambili amayenda mu Land Cruiser kapena Hilux, cifukwa ali ndi mafamu ndipo adziwa miseu ya dziko lao. Amene afuna Benz kapena BMW amagula yatsopano, yokhala ndi walanti ndi pangano la service, ndipo panganolo likatsala pang'ono kutha amaigulitsa. Amaigulitsa kwa ndani? Kwa ife, a malipilo a pa 28.

Sindiuza munthu kuti asagule. Ngati mtima wanu wakana kumva, ndipo ndidziwa mtima wotelo, citani zimene alamu sanacite. Musanapeleke ngwee, pitani kwa makanika wodziwadi mamotoka amenewa mumufunse kuti ndi mtundu uti umene samauona kawilikawili pa galaji pake. Funsani mtengo wa tayala limodzi, wa service imodzi, wa kiyi, ndi wa cinthu cimene cimakonda kufa pa motoka imeneyo, muwelengele pa malipilo anu. Sankhani ya injini yaing'ono, ya masipuling'i a citsulo, yokhala ndi buku la service limene mungaliwelenge. Ngati ili kale mu Lusaka, ilumikizeni ku kompyuta ya munthu wanu, osati wa wogulitsa. Ndipo ngati mutagula simutsala ndi ndalama zokwanila kukonza giyabokosi popanda kukhudza lendi, sukulu ndi unga, ndiye kuti nthawi yake ikalibe kufika. Ine muyeso wanga ndi umenewo, ndipo ndiwo wandisunga mu Corolla mpaka lelo, ngakhale kuti ndikaona C-Class yakuda pa malaiti a pa Longacres mtima umandigunda.

Kwa amene amabweleketsa ndalama ndili ndi pempho. Pa tsamba loyamba la pangano, m'zilembo zikuluzikulu, lembani ndalama zonse zimene munthu adzakhala atalipila pomaliza, pamodzi ndi balloon, inshuwalansi ndi tumalipilo tonse tobisika. Musamuonetse za pa mwezi zokha. A Bank of Zambia ndi a CCPC, amene nchito yao ndi kuteteza ife ogula, aziyendela mapepala amenewa kuona ngati munthu wamba angawamve asanasaine. Ndipo kwa a TEVETA ndi makoleji athu a zamanja: mamotoka onse aja ali pa miyala ndi nchito imene ikudikila acinyamata. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa bwino magetsi a motoka ndi kuwelenga kompyuta yake sadzagona ndi njala mu Lusaka. Ma Toyota atsopano naonso adzala makompyuta omwewo, ma hybrid afika kale, ndiye mdala wathu wa masipanala afunika womulowa m'malo amene anaphunzila zonse ziwili.

Ndili pafupi kutsazika pa Ciwelu paja, pa geti panafika mnyamata wovala bwino, wa zaka ngati 28, wangoyamba nchito pa kampani ina ya mafoni. Anaona cithunzi ca Benz pa Facebook, cimene alamu anajambula kale isanagwade. Anaizungulila kawili, anakhala pa mpando wa dalaiva, anagwila siteling'i ndi manja onse awili, n'kutseka maso pang'ono. Nkhope imeneyo ndinaidziwa, ndi imene ndinali nayo ine pa Shimabala. Alamu anamuuza kuti ni ka sensor cabe na ka pampu, vintu ving'ono. Sanafunse za giyabokosi. Sanafunse za kiyi yaciwili. Anafunsa ngati kanyenyezi ka pa boneti ni ka original.

Ndinatsegula pakamwa, mlongo wanga anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ndalama za mnyamata uja ndiwo malata a ku Chongwe. Ndinamwa tiyi wanga. Pomupelekeza ku geti ndinangomuuza motsitsa mau kuti, "Mwaice, ukabwela pa Ciwili, ubwele na makanika wako, na kompyuta." Anandiyang'ana ngati ndamutukwana, ati makanika ni wa ciani, iyi ni ya ku Germany.